Ndisamukire ku Woodstock pafupi ndi msika wa Loweruka uja kapena ndikhalebe ku Dunoon?

Mphwanu_wa_Dunoon analemba:

Moni nonse abale a kuno ku Cape Town. Pali nkhani ikundisowetsa tulo nde ndati ndifunse kwa inu amene mwakhalitsa kuno. Ine ndimagwira ntchito mu khitchini ya lesitilanti ina mtauni, ndipo ndimakhala ku Dunoon, chino ndi chaka chachinayi. Shifiti yanga nthawi zambiri imatha cha m'ma 11 usiku, ndikamafika kunyumba ndimakhala nditatheratu, mmawa ndidzukenso kukathamangira basi ya MyCiTi. Mnzanga wina wa kuntchito akubwerera kwawo ku Zimbabwe nde wandiuza kuti chipinda chomwe amachita lendi ku Woodstock chikhala chopanda munthu mwezi uno ukatha. Nyumba yake ndi zija zakalekale zogundizana khoma, zokhala ndi kakhonde kutsogolo, chakumunsi kwa Albert Road, ukangoyenda pang'ono wafika pa Old Biscuit Mill paja pamakhala msika Loweruka.

Ndinapitako Loweruka lapitali kukaona chipindacho, ndisaname ndinakopeka. Makoma ojambulidwa zithunzi zikuluzikulu, nyumba zakale zopentedwa bwino, fungo la khofi paliponse, anthu ali piringupiringu ndi madengu a masamba ndi buledi, phiri likuoneka chapafupi ngati ungaligwire. Ndinangoti kodi ine ndimavutikiranji ndi fumbi la ku Dunoon. Vuto ndi lendi, ndi pafupifupi kawiri ya yomwe ndikulipira pano, komabe ndikachotsa ya thiransipoti kusiyana kwake sikukuopsa kwenikweni chifukwa kuntchito ndingamapite wapansi.

China nchakuti akazi anga akubwera kudzakhala nane miyezi ikubwerayi, iwowa kumudzi amagulitsa tomato ndi masamba pa Lunzu nde geni ya pamsika amaidziwa, ndimaganiza kuti mwina angapeze kabenchi pa msika wa alimi umenewu. Nde amene mwakhalako ndiuzeni zoona zokhazokha, kumeneku nkokhalika kwa munthu ngati ine? Usiku kumayendeka? Nanga msikawo ndiwo zake nzotchipa?

Nachisale_Salt_River anayankha:

Achimwene, choyamba chotsani kaye mmutu mwanu zoti pamenepaja ndi pa Lizulu kapena pa Lunzu kkkk. Ine ndakhala ku Salt River zaka 6, kuyenda mphindi zochepa kuchokera pa Biscuit Mill, koma masiku omwe ndagulapo ndiwo zophika kunyumba ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Msika uja dzina lake ndi Neighbourgoods Market, unayamba 2006, ndipo kwenikweni ndi malo opitako anthu kukadya ndi kucheza Loweruka mmawa, amakhala pa matebulo ataliatali aja akumwa vinyo dzuwa lisanafike nkomwe paliwombo. Zilipo zamasamba inde, uchi, tchizi, buledi wowawasira uja amamukonda azunguyu, maluwa, koma nzosankhidwa bwino ndipo mtengo wake ndi wa anthu omwe safunsa kuti zingati. Palibe kunenerera, palibe banyira, munthu amangogunditsa khadi pa kamakina basi. Ine ulendo woyamba ndinanyamula kamtolo ka masamba enaake ooneka ngati mpiru, nditamva mtengo ndinakabweza mwaulemu ngati ndikugoneka khanda.

Ndiwo zathu timagula kwa amayi ogulitsa mmbali mwa Main Road ndi cha ku siteshoni ya Salt River, ambiri ndi a ku Zimbabwe ndipo repu ndi therere sizisowa, zina timatenga mu mashopu a ma Somali, usipa ndi ufa wa kumudzi ndimakatenga ku Bellville kapena kwa anthu obwera pa basi. Chisoso ndi bonongwe musayembekezere kuti mukazipeza pa Biscuit Mill, ine bonongwe ndinadzala ndekha mu ndowa kuseri kwa nyumba.

Tsono za nyumbazo. Zija zimakongola pa foni koma mwapita kukaona dzuwa likuwala. Kuno mvula imagwa June, July mpaka August, nthawi yozizira, ndipo nyumba zakalezi makoma ake amamwa madzi. Chipinda chomwe ndinayambira kukhala khoma la kumutu kwa bedi linkachita nkhungu yakuda bii, zovala mu sutikesi kununkha chinyezi, mwana wanga chifuwa osatha mpaka tinasamuka. Ndikawauza alandilodi ankangoti nyumbayi ndi yakale sitingaigwiregwire. Pena amanena zoona pang'ono chifukwa kuno nyumba ikapitirira zaka 60 sungaigumule kapena kuisintha popanda chilolezo cha a zosunga mbiri, koma kumata denga lodontha sikufuna chilolezo cha munthu, kumeneko kunali kuumira chabe. Nde mukabwereranso kukaona sunthani bedi ndi wadirobu muone kuseri, ngati apenta chatsopano khoma limodzi lokha dziwani kuti akubisa kanthu. Funsaninso kuti mnyumbamo muli anthu angati pa bafa imodzi, ndipo magetsi mumagawana bwanji, mikangano yambiri ya mnyumba zogawanazi imayambira pa mayunitsi.

Mphepo nayo musaiiwale, ija imatsika ku phiri la Devil's Peak nthawi yotentha, kuno imawomba ngati yatumidwa, zochapa mukapanda kumanga bwino mukazitola kwa aneba a msewu wachitatu.

Za usiku, Woodstock ali pawiri. Kumtunda kwa Victoria Road chakuphiri nkwa anthu opeza bwino, kuli phee. Kumunsi komwe mukunenako chakunjanji, Loweruka masana kumadzadza magalimoto apamwamba ndi alonda, koma ikamakwana 11 usiku mashopu atatseka msewu umakhala wa eni ake. Sindikukuopsezani, ine ndakhala bwinobwino, koma foni mthumba, ndipo muziyenda msewu waukulu wowala osati zodutsa mtinjira tachidule.

Mkulu_wa_Observatory anayankha:

Mphwanga, amayiwa anena za mmimba ndi za khoma, ine ndikuuzeko za malowo chifukwa ndinafika kuno Biscuit Mill isanakhale msika, inali chabe fakitale yakale ya mabisiketi yongokhala. Ukamalowa mmudzi wa eni umayamba wafunsa kuti manda ali kuti.

Woodstock ndi amodzi mwa madera akale kwambiri a Cape Town. Poyamba ankatchedwa Papendorp, dzina la Woodstock linabwera mu 1867. Mpaka lero kuli mtengo wina wakale amautcha Treaty Tree, pafupi ndi pomwe ma Dutch anasainira kupereka Cape kwa Angerezi mu 1806, anthu amangoudutsa osaudziwa. Kunalinso gombe la nyanja anthu ankasambako, koma cha m'ma 1950 anakwirira nyanjayo pokulitsa doko, nchifukwa chake lero ukayang'ana kumunsi umangoona njanji, misewu ndi makontena. Kenako kunadzadza mafakitale makamaka osoka zovala, Rex Trueform ku Salt River inkalemba anthu ambirimbiri, ndipo tinyumba togundizana tomwe wakopeka natoto tinali ta anthu ogwira ntchito mmafakitale ndi ku njanji. Sitinamangidwe kuti tizijambulidwa pa Instagram ayi.

Chomwe chimapangitsa Woodstock kukhala wapadera ndi ichi. Nthawi ya tsankho, mu 1966 boma linalengeza kuti District Six, yomwe ili pafupi pomwepa, ndi ya azungu okhaokha, anthu oposa 60,000 anawachotsa nkukawataya ku Cape Flats nyumba zawo nkugumula. Woodstock anapulumuka, mbali yaikulu inakhalabe yosakanikirana, makaladi, azungu osauka, Asilamu, Apwitikizi, onse msewu umodzi. Ndiye pali mabanja omwe anakhala mnyumba imodzi ya lendi kuyambira agogo mpaka zidzukulu, apartheid inalephera kuwasuntha. Chomwe chinadzawasuntha ndi kukongola komwe waonako. Mafakitale atagwa chifukwa cha zovala zotchipa zochokera kunja, malo anatsika mtengo, boma linaikanso ndondomeko yochotserako msonkho anthu omanga kapena kukonzanso nyumba mkati mwa tauni, a ndalama anayamba kugula msewu ndi msewu. Akagula amapenta, lendi imakwera, wokhalamo wakale amapatsidwa kalata.

Pita ukafunse za Bromwell Street, ili kuseri komweko kwa msika wakowo. Nyumba za pamenepo zinagulidwa ndi kampani mu 2013, mabanja omwe anabadwira momwemo anauzidwa kuti atuluke, ndipo malo ogona ongoyembekezera omwe khonsolo inawalozera anali ku Wolwerivier, pafupifupi makilomita 30 kunja kwa tauni, kutali ndi sukulu za ana, chipatala ndi maganyu awo. Anakana, anapita kukhothi mothandizidwa ndi maloya a bungwe la Ndifuna Ukwazi, mlandu unayenda zaka ndi zaka mpaka mu December 2024 khothi lalikulu la malamulo a dziko linagamula mowakomera, kuti khonsolo iwapezere pokhala mkati mwa tauni kapena pafupi. A ku Gympie Street iwo ena anakathera ku Blikkiesdorp ku Delft, mtinyumba ta malata tija. Ndipo ukakwera chakumtunda upeza chipatala chakale cha Woodstock chomwe anthu a gulu lomenyera ufulu wa nyumba la Reclaim the City analowamo mu 2017 nkuchitcha Cissie Gool House, muli anthu mazanamazana, ambiri ndi omwe anatulutsidwa mmisewu yomweyi.

Sindikunena kuti iwe ukalowa mchipindamo walanda nyumba ya munthu, iwe ndi kapolo wa lendi ngati ine ndemwe. Ndikungoti udziwe kuti mphepo yomwe inachotsa eni nthakawo siidzakuona nkhope iwe wa pasipoti yachilendo. Ine ndinasamutsidwapo kawiri, osati chifukwa cholephera kulipira, koma nyumba inagulitsidwa ndipo mwini watsopano amafuna kuikamo alendo a Airbnb. Ulendo wachiwiri ndinali nditangogula kumene firiji.

Koma anthu akale omwe atsalako ndi anthu abwino zedi, zimenezo ndisabise. Lamlungu mmawa amayi achikulire amagulitsa ma koesister pakhomo, timandasi tonunkhira tonyika mu shuga ndi kokonati, nthawi ya Ramadan aneba amakutumizira mbale olo iwe usali Msilamu, ndipo abale athu a ku Mangochi ndi ku Machinga amasangalala chifukwa mizikiti ili pafupi, azana imamveka uli mnyumba. Ukakhala nawo bwino anthu amenewa ndi amene amakuuza kuti msewu uti usadutse lero.

Dolo_wa_pa_Grill anayankha:

Akuluakulu mwanena zambiri koma mwaupondereza kwambiri msikawu, ine ndilankhuleko ngati munthu amene ndimadyera pomwepo. Ndimawotcha nyama pa benchi ya bwana wina mmisika ya wikendi ngati imeneyi, ndipo tikaonetsetsa amene akunyamula makireti 6 koloko mmawa, kutsuka mapoto, kupanga khofi, kulondera magalimoto panja, ambiri ndi ife a Malawi, ma Zimbabwe ndi ma Congo. Tsiku limodzi la Loweruka ukaphatikiza ndi matipu pena limaposa masiku awiri a ganyu ya mu gadeni. Nde msika uja kwa ine si wogulako ndi wogwirako ntchito, nkhani ndi imeneyo. Mukamati si wathu, inde si wathu, koma nanga Camps Bay, dera la anthu olemera lija, ndi yathu? Tonse timapitako kukagwira ntchito nkubwerako.

Za alamu anga zogulitsa tomato, apa pokha ndikuuzeni mosabisa achimwene, sizili ngati pa Lunzu poti wafika ndi dengu wapereka ya tikiti kwa a khonsolo wayala. Malo aja ndi a eni, umalembetsa, amaona katundu wako ngati ndi wachilendo kapena ngati ali ndi nkhani yake, amafuna mapepala a bizinesi, ukamagulitsa zophika pafunikanso satifiketi ya a zaumoyo, kenako ulipire malo. Ndipo tomato wamba sangapikisane. Masamba ambiri omwe timadya mu Cape Town amachokera kuminda ya ku Philippi ndi ku msika waukulu wa ku Epping, amayi a mmbali mwa msewu amakapikula kumeneko mbandakucha. Ngati alamu akufuna geni yomwe akuidziwa njira ndi imeneyo, kupikula ku Epping nkumagulitsa komwe kuli anthu ophika nsima, ndipo kunena zoona makasitomala otero achuluka ku Dunoon komwe mukuthawako kuposa pa Albert Road kkkk. Komanso mapepala awo akhale bwino kaye, za geni zibwere pambuyo.

Mukafuna kuona msika womwe uli ndi masamba ambiri a alimi enieni pitani wa Oranjezicht ku Waterfront, uja ndiye mumapeza mbatata, mabiti, kabichi, mazira, zochokera mminda ing'onoing'ono. Mtengo nawonso ndi wa ku Waterfront komweko koma mukaone mmene amayalira katundu, alamu angatolepo nzeru.

Ubwino wina womwe simunautchule akuluakulu, kumbukirani sitiraka ya ma taxi ya August 2023. Anthu anayenda wapansi mu msewu waukulu wa N2 mpaka usiku, ena anagona kuntchito, ife okhala pafupi ndi tauni tinangoyenda mphindi 30 tili mnyumba. Bwana aliyense amakonda wantchito amene sanganene kuti kulibe transport, ma shifiti owonjezera amayamba kupatsa iweyo.

Chimzy_Capricorn anayankha:

Kkkkk achimwene akopeka ndi fungo la khofi. Mwezi woyamba muzidzatijambulira zithunzi muli pa khonde, mwezi wachitatu muzidzafunsa ngati ku Capricorn kuli chipinda. Ine ndinapitako kamodzi ndi chibwenzi pa msika umenewo, tinagawana mbale imodzi ngati ana a sukulu, pobwerera tinakagula gatsby, chibuledi chachitali chija chodzaza tchipisi ndi nyama, pa Main Road nde mpomwe tinakhuta.

Mayi_Awiri_Mowbray anayankha:

Ine sindilowerera zoti musamuke kapena ayi, koma pali chinthu chimodzi chandidetsa nkhawa mu nkhani yanu bambo. Mwati chipindacho ndi cha mnzanu amene akuchoka. Kodi mwakumana ndi mwini nyumba weniweni kapena mukungolowa mmalo mwa mnzanuyo mwakachetechete? Chifukwa zambiri za ku Woodstock ndi Salt River zimakhala choncho, munthu mmodzi anasaina ndi ajenti, iye nkumabwereketsa zipinda kwa anthu asanu, tsiku lomwe iyeyo wasemphana ndi mwini nyumba nonse mumapezeka panja ndipo depoziti yanu simudziwa kuti mukaifunse kwa ndani. Zinandichitikira ine ndili ndi mimba ya mwana wachiwiri, munthu tinkamupatsa ndalama mwezi ndi mwezi kumeneko iye sakupereka, tinadziwa kalata itamatidwa pachitseko.

Nde pemphani pepala lolembedwa lokhala ndi dzina lanu, ndalama muzilipira kudzera ku banki kapena muzilandira lisiti, ndipo tsiku lolowa jambulani chipinda chonse ndi foni, ming'alu, nkhungu, zitseko, mwini nyumba ali pomwepo. Lamulo la kuno la 1999 la nyumba za lendi limati depoziti isungidwe ku akaunti yobereka chiwongoladzanja ndipo mukamatuluka akubwezereni pamodzi ndi chiwongoladzanjacho akachotsa zomwe mwawononga. Mukasemphana kuli Rental Housing Tribunal, bwalo lomva madandaulo a za lendi, kudandaula kumeneko ndi kwaulere. Komanso palibe mwini nyumba amene ali ndi mphamvu yokutulutsirani katundu panja kapena kusintha loko popanda chigamulo cha khothi, lamulo limenelo limateteza aliyense wokhala mnyumba, a Malawife timangoopa tokha chifukwa tikamva mawu oti khothi timaganiza za Home Affairs.

Funsaninso ngati nyumbayo ili pa malonda. Mukaona anthu ovala bwino akubwera kudzayeza makoma ndi kujambula, yambani kufunafuna kwina.

Mphwanu_wa_Dunoon anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Akulu a ku Observatory mwanditsegula mmaso, Bromwell Street ndinadutsamo ndithu tsiku lija osadziwa kanthu, ine maso anali pa zithunzi za pakhoma. Amayi a ku Mowbray mwalasa, ndamufunsa mnzanga uja lero pa buleki nde akuti iye amapereka kwa munthu wina wokhala chipinda chakutsogolo, mwini nyumba sanamuonepo nkamodzi komwe zaka ziwiri zonsezi. Wandipatsa nambala ya wa chipinda chakutsogoloyo, ndamuuza kuti ndikufuna pepala ndiponso ndikumane ndi ajenti, wayankha kuti aona. Za khoma sindinasunthe bedi, ndipo ndikukumbuka kuti mbali imodzi penti inali yowala kuposa inzake, ndinkaona ngati ndi sitayilo kkkk.

Mtima ukadali komweko sindinama, chifukwa kugona maola awiri owonjezera tsiku lililonse si nkhani yaing'ono kwa munthu woima pa chitofu tsiku lonse. Koma akazi anga ndawauza pa WhatsApp za tomato uja, aseka, akuti nanga azungu akumeneko sadya tomato? Ndawauza kuti amadya koma amafuna wokhala ndi mbiri. Akuti iwo bola komwe kuli anthu ogula mulu umodzi madzulo alionse.

Achemwali a ku Salt River, ngati pepala lija litapezeka, kumbali kwanuko lendi imakhalako yotsikirapo kusiyana ndi pafupi penipeni pa msika? Ndipo bonongwe wa mu ndowayo mbewu munaitenga kuti?

Nachisale_Salt_River anayankha:

Imatsikako pang'ono mukamalowera chaku Salt River Circle ndi kumbali ya siteshoni, koma nakonso mafulati atsopano akumera nde musachedwe kuganiza. Musalipire kalikonse wa chipinda chakutsogoloyo asanakuonetseni ajenti, "aona" ameneyo ndamumvapo kambirimbiri. Dikirani tsiku lomwe kwagwa mvula mupite osawauza, mukagwire khomalo ndi dzanja.

Mbewu anandibweretsera achemwali anga kuchokera ku Ntcheu atakulunga mu kapepala ka shuga. Auzeni alamu akamanyamuka atengeko ya bonongwe ndi ya nkhwani, ndowa ndili nazo ziwiri zongokhala ndidzakupatsani, kaya mukhala ku Woodstock kaya ku Dunoon. Ingoikani pomwe mphepo ija siifika, yanga yoyamba inathyoka yonse usiku umodzi.